Nkhunzi, Mkota, Msoti ndi Thole: Mayina a Ng'ombe pa Ulimi wa Ng'ombe Zanyama

Munthu woyenda pa msewu wochoka ku Zomba kupita ku doko la Kachulu m'nyengo ya chilimwe amakumana ndi ng'ombe zikutsikira ku madambo a Nyanja ya Chilwa. Kwa mlendo zonsezo ndi ng'ombe basi, ndipo atafunsidwa kuti azisiyanitse angangoti iyi ndi yaimuna, iyo ndi yaikazi. Mbusa wa ng'ombezo satero. Iye amaona nkhunzi, mikota, misoti, mathole ndi ng'ombe zothena, ndipo dzina lililonse mwa mayinawa limamuuza mtengo wa chiwetocho, chakudya chochiyenera, ndiponso ngati chili chosunga kapena chogulitsa. Chodandaulitsa nchakuti zolembedwa zambiri za ulimi, makamaka zomasuliridwa kuchokera ku Chingerezi, zimalankhula monga mlendo uja osati monga mbusa.

Kulakwa kumeneku sikungothera pa pepala. Chingerezi chili ndi mawu akuti bull ndi steer, ndipo womasulira wothamanga amawaphatikiza onse awiri nkulemba kuti "ng'ombe yaimuna". Tsono langizo lakuti "gulitsani ng'ombe zazimuna zikanenepa" likafika kwa mlimi amene ali ndi nkhunzi imodzi yokha, ndipo iye nkulitsata monga lalembedwera, khola lake limatsala lopanda mbewu. Chimodzimodzinso mawu akuti heifer ndi cow akasanduka "ng'ombe yaikazi": munthu woyamba kumene ulimiwu atha kutaya ndalama zake pa mkota wotha mano pomwe mwini langizolo ankanena za msoti. Chichewa sichisowa mawu osiyanitsira zimenezi. Chimene chikusowa ndi alembi owagwiritsa ntchito.

Pali chifukwa chimene mawuwa akuzilalira. M'midzi ya kuzambwe kwa nyanjayi, monga m'madera a mafumu Mwambo ndi Kuntumanji, mabanja okhala ndi ng'ombe ndi ochepa poyerekeza ndi oweta mbuzi ndi nkhuku, ndipo moyo wa ambiri wagona pa usodzi wa matemba, makumba ndi milamba komanso pa ulimi wa mpunga. Mwana wa sukulu wa kumeneko, monganso wa m'tauni, amadziwa msoti ndi thadzi ngati mayina a nkhuku. Ngakhale mwambi wonena za atsogoleri awiri olimbirana malo umati atambala awiri salira m'khola limodzi; sutchula nkhunzi ayi. Motero mphunzitsi asadabwe ophunzira akaseka pomva za msoti wa ng'ombe. Iwo sanalakwe, angodziwa theka la tanthauzo.

ZAZIMUNA

Nkhunzi ndi ng'ombe yaimuna yokhwima imene sinathenedwe, yosungidwa kuti izikwera zazikazi. Dzinali lili m'gulu la I-Zi, choncho silisintha pochulukitsa: nkhunzi yathu, nkhunzi zathu. Ndi limodzi mwa mawu amene anabwera ndi Angoni, pakuti m'Chizulu ng'ombe yotereyi ndi inkunzi. Angoni a Zwangendaba anawoloka mtsinje wa Zambezi mu 1835, ndipo Angoni a Maseko, amene anadzera njira ina, anadzakhazikika ku Dedza ndi ku Ntcheu. Chiyankhulo chawo chinamira m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, koma mawu awo a m'khola anatsala, chifukwa pa nkhani ya ng'ombe iwo ndiwo anali akatswiri. Mneni wakuti kuthena ndiponso dzina lakuti thole anachokera komweko. Amene amakana mawu otere ponena kuti si Chichewa chenicheni achedwa ndi zaka zoposa zana limodzi.

Mawu akuti yamphongo, amene owerenga Buku Lopatulika anawazolowera, ndi abwino koma ngotambalala. Mphongo ndi chamoyo chilichonse chachimuna, kaya mbuzi, nkhosa, njati ngakhalenso munthu, ndipo sanena msinkhu. Thole lobadwa dzulo likhoza kukhala lamphongo, koma silingatchedwe nkhunzi. Mlembi wa ku Zomba adziwenso kuti ambiri mwa owerenga ake amayankhula Chiyao kapena Chilomwe kunyumba. M'Chiyao nkhunzi ndi ng'ombe jamkambako, mawu ofanana ndi nkhambako wa m'Chitumbuka. Mawuwa ndi oyenera kuwatchula m'kalasi pofotokozera, koma polemba Chichewa cha dziko lonse nkhunzi ndilo dzina lomveka ku madera ambiri.

Ng'ombe yaimuna imene yachotsedwa mphamvu yobereka imatchedwa yothena kapena yofula, ndipo pali mayina awiri ochokera ku aneni omwewa: mtheno ndi mfule. Pamenepa mpamene Chichewa chimagawa mosiyana ndi Chingerezi. Azungu ali ndi dzina lina la yothena yosungira nyama ndi linanso la yothena yokoka ngolo kapena khasu. Mchewa amaona chiweto chimodzi, ndipo ntchito yake amaitchula powonjezera mfotokozi: mtheno wonenepetsa, ng'ombe yapagoli, ng'ombe yangolo. Palibe chifukwa chopekera dzina latsopano pofuna kulingana ndi Chingerezi. Kugawa kwa Chichewaku nkoona ndi moyo wa kumudzi, kumene ng'ombe imene yakoka ngolo zaka zingapo ndi yomweyo imene pamapeto pake imagulitsidwa kwa opha nyama.

ZAZIKAZI

Ku mbali ya zazikazi, Chichewa chimafunsa funso limodzi: kodi chiwetochi chinaswapo? Msoti ndi chachikazi chimene chakula koma sichinaswepo. Mkota ndi chimene chinaswapo, kamodzi kapena kambiri. Mayina onse awiri ali m'gulu la Mu-Mi: msoti uwu, misoti iyi; mkota wathu, mikota yathu. Sali a ng'ombe yokha. Pali msoti wa mbuzi ndi wa nkhuku, mkota wa mbuzi ndi wa nkhumba. Nchifukwa chake mlembi ayenera kutchula mtundu wa chiwetocho koyamba, "msoti wa ng'ombe", kenaka apitirize ndi "msoti" wokha popeza wowerenga wadziwa kale khola limene alimo.

Dzina lakuti thadzi ndilo lovutirapo. Limatanthauza chachikazi chokhwima, ndipo m'madera ena anthu amati thadzi la ng'ombe popanda wina kudabwa. Komabe kwa owerenga ambiri thadzi ndi nkhuku, mnzake wa tambala. Popeza mkota ulipo ndipo sukumbutsa munthu za mazira, ndi bwino kuti m'mabuku a ulimi wa ng'ombe mkota ndiwo ukhale dzina lokhazikika, thadzi lisiyidwe kwa olemba nthano ndi ndakatulo amene afuna kumveketsa kayankhulidwe ka dera lawo.

Aneni oyenda ndi mayinawa nawonso ali ndi malo awo. Ng'ombe imakweredwa, imatenga bere, imaswa. Mayi amakhala ndi pakati kapena amayembekezera, ndipo amachira kapena kubereka. Mneni wakuti kubereka amalowa konsekonse, koma kuswa ndi kwa ziweto, ndipo kunena mawuwa kwa munthu ndi chipongwe. Kulakwa kofala masiku ano ndi kwa mbali inayo: alembi aulemu wopitirira muyeso amalemba za "ng'ombe yoyembekezera", ngati kuti mkotawo ukupita ku sikelo. Dzina lakuti bere lili ndi matanthauzo awiri, chiwalo chotulutsa mkaka ndiponso mimba ya chiweto, koma chiganizo chimamasula chokha.

THOLE NDI KACHULUKITSIDWE KAKE

Mwana wa ng'ombe, wamwamuna kapena wamkazi, ndi thole kufikira atasiya kuyamwa ndi kuyamba kudziimira. Dzinali lili m'gulu la Li-Ma, ndipo kuchulukitsa kwake kumagawanitsa akonzi. Mayina ambiri a gululi oyamba ndi ph, th kapena kh amataya h akachuluka: phiri, mapiri; thupi, matupi; khasu, makasu; khola, makola. Potsata njira imeneyi ena amati matole ndi matadzi. Koma alipo mayina ena amene h wawo ndi wa m'tsinde ndipo sachoka, monga phunziro, maphunziro ndi khalidwe, makhalidwe. Thole linabwera ndi h wake kuchokera ku ithole, amathole, kotero wonena kuti mathole ali ndi pogwira. Mitundu yonse iwiri imamveka pakamwa pa anthu. Chofunika kwa mkonzi ndi kusankha mtundu umodzi ndi kuusunga kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Mabuku akale sangathetse mlanduwu, chifukwa mtanthauziramawu wa Chimang'anja wa David Clement Scott wa mu 1892 unalembedwa kalembedwe kolemba h pa mawu otere kasanakhazikike.

Mfundo zina zitatu za kalembedwe ndi zachidule. Yoyamba, nkhodolero ya mu ng'ombe si chokongoletsa: imasiyanitsa liwu la m'mphuno ndi liwu la ng wamba, monga isiyanitsira ng'oma yoimba ndi ngoma ya m'tchire. Yachiwiri, matsinde akuti -muna ndi -kazi amatenga agwirizanitsi awiri: ng'ombe yaimuna, ng'ombe zazimuna, thole lalimuna, thole lalikazi. Kulemba kuti "ng'ombe yamwamuna" kapena "ng'ombe yamkazi" ndi kubwereka mgwirizanitsi wa anthu. Ena amalowetsa y nkulemba yayimuna ndi yayikazi. Apanso mkonzi asasakanize. Yachitatu, -a wofotokoza mtundu wa chinthu amaphatikizidwa, pomwe -a waumwini amaima payekha. Nchifukwa chake pali ng'ombe zanyama ndi ng'ombe zamkaka, koma nyama ya ng'ombe ndi mkaka wa ng'ombe.

MAYINAWA ALI PA NTCHITO

Phindu la mayinawa limaoneka bwino munthu akayesa kufotokoza ulimi weniweniwo. Ng'ombe zambiri za m'midzi ya ku Chilwa ndi za mtundu wa makolo umene akatswiri amautcha Malawi Zebu: zazing'ono thupi, zalinunda, zopirira kutentha ndi nkhupakupa kuposa zochokera kunja, koma zochedwa kukula. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene kumachokera nyama yambiri yodyedwa m'mizinda ya kummwera, alimi ambiri anakweretsa mikota yawo ndi nkhunzi za Brahman kuti apeze mathole okula msanga. Mtundu uliwonse umene mlimi angasankhe, khola la ng'ombe zanyama limayenda pa gawo ili: mikota ndi misoti ndiyo chuma chosagulitsa, nkhunzi ndi mbewu, ndipo mitheno ndiyo zokolola.

Nkhunzi imodzi yathanzi imakwanira mikota 25 kapena 30. Kumene makola ali ang'onoang'ono ndipo ng'ombe za eni angapo zimadyera dambo limodzi, si mlimi aliyense amene ayenera kusunga yake. Choopsa ndi kulekerera mathole onse aamuna kukula osathena, pakuti pamenepo mikota imakweredwa ndi iliyonse, yonyentchera yomwe, ndipo mbewu imanka nichepa. Nkhunzi yabwino nayonso isakhalitse m'khola limodzi mpaka kuyamba kukwera misoti imene ili ana ake. Alimi anzeru amasinthana. Kuthena kuchitike thole lisanapitirire miyezi 6. Alangizi a ziweto amagwiritsa ntchito chipangizo chotchedwa Burdizzo, chimene chimafinya mitsempha popanda kucheka khungu, motero sichisiya chilonda choitana ntchentche. Mtheno umakhala wofatsa, sutha mphamvu pothamangitsa zazikazi ndi kumenyana, ndipo umasunga mafuta.

Mkota wopanda bere umafuna nkhunzi pafupifupi masiku 21 aliwonse, ndipo ukatenga bere umaswa patatha miyezi 9 ndi masiku owerengeka. Mkota wodya bwino ukhoza kuswa chaka ndi chaka, koma m'midzi yambiri umadumphitsa chaka, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi njala ya m'chilimwe osati kuuma. Msoti usakweredwe usanakule thupi mokwanira, chifukwa bere lofulumira limaupinimbiritsa ndipo limavuta poswa. Thole likangobadwa liyamwe mkaka woyamba, wachikasu ndi wokhuthala uja, m'maola oyambirira, pakuti m'menemo ndimo muli chitetezo chake ku matenda. Pa ulimi wa ng'ombe zanyama mkaka ndi wa thole. Banja lokama kwambiri limamwa lero nyama imene likanagulitsa m'tsogolo. Thole limaletsedwa kuyamwa likafika miyezi 6 mpaka 8.

Chakudya ndicho chimapatsa dera la Chilwa nkhope yakeyake. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo malire ake amayenda ndi nyengo. M'dzinja mitsinje yochokera ku phiri la Zomba, monga Likangala ndi Domasi, imasefukira m'madambo, ndipo ng'ombe zimakankhidwira kumtunda kumene kuli minda ya chimanga. Imeneyi ndi nyengo ya milandu pakati pa abusa ndi eni minda, ndiponso nyengo imene makola amasanduka thope lofika m'mawondo. Thope limeneli limapha mathole ambiri ndi kuwoletsa ziboda, kotero khola limangidwe pokwera, ndipo mathole akhale ndi kakhola kawo kofolera. Madzi akayamba kuphwa, dambo limaphuka msipu pa nthawi imene kumtunda udzu wauma, ndipo uwu ndi mwayi umene alimi a madera ena alibe. Komabe msipu womwewo ukulimbiranidwa ndi minda ya mpunga ndi madimba. Ndipo mwayiwo si wa chaka chilichonse: nyanjayi inaphwa mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, pomwe mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anamiza madera ambiri a chigwachi. Kuyambira 1997 dambo la Chilwa lili pa mndandanda wa madambo otetezedwa ndi pangano la Ramsar, choncho kutentha njeza ndi udzu pofuna msipu watsopano ndi nkhani yokhudzanso mbalame ndi nsomba zimene zimaswana m'menemo.

Mlimi wodalira dambo lokha ndiye kuti waika chuma chake m'manja mwa mvula. Ng'ombe ndi nyama yobzikula, ya mimba ya zigawo zinayi, ndipo imatha kusandutsa nyama zinthu zimene munthu amataya: mapesi a chimanga, udzu wa mpunga wopunthidwa, zotsalira za mtedza ndi nandolo. Zimenezi zisonkhanitsidwe m'masika ndi kusungidwa pa thandala pouma. Udzu wa mpunga pawokha ndi chakudya chofooka, chongodzaza mimba, motero uyenera kuthandizidwa ndi madeya, masamba a mitengo ya mtundu wa nyemba ndi mchere pang'ono. Ng'ombe yaikulu imamwa malita 30 mpaka 40 pa tsiku, ndipo kukatentha imapitirira pamenepo.

Njira yodyetsera m'khola si yachilendo m'Malawi. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, boma linkalimbikitsa alimi ang'onoang'ono kutenga mitheno iwiriiwiri pa ngongole, kuitsekera m'khola lofolera kwa miyezi ingapo ikudya mapesi ndi madeya, kenaka nkuigulitsa ku kampani ya Cold Storage. Mlimi ankapeza ndalama ndiponso ndowe za m'munda. Chiganizo chofotokoza ulimi umenewu sichingalembeke bwino popanda dzina lakuti mtheno. Wolemba kuti "tsekerani ng'ombe zazimuna ziwiri m'khola limodzi" wauza mlimi kuti atsekere nkhunzi ziwiri pamodzi, ndipo khola lotero silifika m'mawa.

Pogula kapena pogulitsa, msinkhu wa ng'ombe umawerengedwa pa mano. Ng'ombe ilibe mano akutsogolo m'chibwano cham'mwamba. M'munsi ili nawo 8. Awiri apakati aukhanda amaguluka ndi kulowedwa m'malo ndi aakulu chiwetocho chikayandikira zaka 2, ndipo onse 8 amakhala atasintha pofika zaka 4 kapena 5. Pambuyo pake amayamba kuperepeseka. Wogulitsa angalumbire kuti iyi ndi msoti, koma mano ndi mawere sizinama. Wogula nyama naye amadziwa kuti ng'ombe ikaphedwa, kusendedwa ndi kuchotsedwa mutu, ziboda ndi zam'kati, chotsala chimakhala pafupifupi theka la kulemera kwake ili yamoyo, ndipo yonenepa imaposa pamenepo pang'ono.

Matenda awiri ndi oyenera kutchulidwa chifukwa cha malowa. Oyamba ndi nyongolotsi zam'chiwindi, zimene zimakulira mu nkhono za m'madzi osayenda kenaka nkumamatira pa udzu wa m'dambo. Ng'ombe yodya udzuwo imawonda pang'onopang'ono ngakhale msipu ulipo, imatupa kunsi kwa chibwano, ndipo ikaphedwa chiwindi chake chimatayidwa ndi woyeza nyama. Mankhwala omwetsa alipo, ndipo mlangizi ndiye anganene nthawi yake. Achiwiri ndi matenda ofalitsidwa ndi nkhupakupa, makamaka aja amene Azungu amawatcha East Coast fever, oyambitsidwa ndi kachilombo ka Theileria parva kamene kamanyamulidwa ndi nkhupakupa zofiirira zokonda kuluma m'makutu. Chiweto chimatentha thupi, chimatupa mwanabere kunsi kwa khutu, chimabanika, ndipo mathole ndi ng'ombe zamtundu wakunja ndizo zimafa kwambiri. Chitetezo chake ndi kusambitsa ng'ombe ku dibi kapena kuzipopera mankhwala mosadumphitsa.

Matenda achiwiriwa alimi ambiri amawatcha chigodola, ndipo dzinali lili ndi msampha wofanana ndi wa msoti uja. Pali chigodola cha nkhumba, matenda ena kotheratu, oyambitsidwa ndi kachilombo kena, amene alibe mankhwala ochiza ndipo sagwira ng'ombe. Chigodola cha ng'ombe chimachizika chikadziwika msanga. Chilengezo chongoti "kwagwa chigodola" chikamveka pa msika wa Jali, woweta nkhumba ndi woweta ng'ombe aliyense adzachimva mwa njira yake, ndipo mmodzi wa iwo adzachita zosayenera. Mlembi ndi muulutsi atchule chiwetocho nthawi zonse: chigodola cha ng'ombe, chigodola cha nkhumba.